Fenda yapindika, banja lisapindike

*Azakhali, ndagunditsa Sienta ya bambo akunyumba pageti iwo ali kuulendo. Fenda yakutsogolo yapindika. Wina akuti aiwongola, wina akuti ndigule ina. Ndichitenji asanabwere? Ndine wodandaula, ku Chilomoni.*

Mwanangu, geti lija lakhala pomwepo zaka zonsezi osasuntha, lero ndiye lakuthamangira? Komatu ndaona kuti chikukusowetsa tulo si chitsulocho ayi, ndi mawu akuti "asanabwere". Pukuta misozi, galimoto siikha magazi.

Yamba wagwada uone bala lake masana dzuwa likuwala. Ngati chitsulo changobonyoka, osang'ambika, penti osasweka, wowongola waluso achimenya cham'kati n'kubwerera mwakale. Pamenepo kugula fenda ina n'kutaya ndalama ya ndiwo. Koma ngati chakwinyika, chang'ambika, kapena mabowo a mabawuti athyoka, usavutike nacho. Mwayi wako ndi wakuti fenda yakutsogolo imangomangidwa ndi mabawuti: amamasula n'kuikapo ina. Ikanakhala yakumbuyo, yowotchereredwa kuthupi la galimoto, bwenzi tikulira tonse.

Chenjera ndi uja akukulonjeza kuti pofika madzulo zikhala zitatheka. Ameneyo angopaka fila wochindikala ngati akuzira khoma, n'kupoperapo penti. Lero pawala, koma mvula ya Disembala ikalowa m'ming'alu, dzimbiri lidya cham'kati, fila n'kuyamba kugwa zibenthuzibenthu. Ukalipira kawiri, manyazi pamwamba.

Safunsa anadya phula. Pita kwa amakaniko awiri kapena atatu, aliyense akuuze mtengo wowongola ndi kupenta. Kenako kafunse ku Ndirande kapena ku Limbe mtengo wa fenda yochotsedwa pa Sienta ina, uwonjezepo wa penti. Mitengo ikayandikana, gula. Tenga maginito m'chikwama, uyese pa fendayo: pomwe sakugwira bwino, dziwa kuti pabisala fila. Uonetsetsenso kuti ndi yamtundu wa galimoto yanuyo, poti ma Sienta sali ofanana onse. Wopenta umuuze atsate nambala ya penti yolembedwa pa kachikwangwani ka galimotoyo, osati kuyerekeza ndi maso. Akamanga, tsegula chitseko umve ngati sichikukhula, uyatse nyali, upinde chiwongolero uone ngati tayala silikukhudza.

Tsono za bambowo. Aimbire lero lomwe. Mwamuna amene amatsuka yekha galimoto Loweruka lililonse sungamunamize ndi penti yatsopano. Kugunda geti adzakalipa tsiku limodzi, koma bodza adzalikumbuka chaka chonse. Komanso ndi iwo akudziwa za inshuwalansi: ikakhala ya comprehensive ikhoza kulipira, koma third party imalipira za anthu ena okha, ndipo ukakonzetsa mobisa a inshuwalansi asanaone, akhoza kukana.

Jambula zithunzi, uwatumizire, upepese osazungulira. Akabwera uwaphikire chambo, kenako uwapemphe akulitseko getilo.

Ndine Azakhali ako.