Kusiya Mapiritsi Ogonetsa Kumafuna Dotolo ndi Nthawi

Nthawi zambiri nkhani yake imayamba ndi maliro. Mayi waku Kawale kapena ku Area 23 wataya mwamuna wake, tulo tamuthawa, ndipo kuchipatala amupatsa mapiritsi a diazepam oti amwe kwa masiku ochepa. Tulo tabwerera. Mapiritsi atatha, mayiyo apeza wina womugulitsa popanda kalata ya dotolo, miyezi n'kumapita. Tsiku lina chikumbumtima chimuvuta, mwina pa nyengo ya Lenti, ndipo aganiza zotaya mapiritsi onse m'chimbudzi tsiku lomwelo. Cholinga chake n'chabwino, koma njira imeneyi ikhoza kumupha.

Diazepam, amene ambiri amamudziwa ndi dzina loti Valium, ali m'gulu la mankhwala otchedwa benzodiazepine, pamodzi ndi lorazepam, alprazolam ndi clonazepam. Kampani ya Roche inayamba kumugulitsa m'chaka cha 1963. Ndi mankhwala othandiza kwambiri. Azachipatala amawagwiritsa ntchito poletsa kukomoka kwa mwana amene malungo amukwera, komanso pothandiza munthu amene akusiya mowa. Koma pa vuto la kusowa tulo kapena nkhawa, malangizo a zachipatala amati asapitirire masabata awiri mpaka anayi.

Chifukwa chake chili mu ubongo. Muli mankhwala achilengedwe otchedwa GABA amene ntchito yake n'kukhazika pansi mitsempha, monga mabuleki a galimoto. Diazepam amawonjezera mphamvu ya mabulekiwa. Munthu akamamwa tsiku ndi tsiku, ubongo umazolowera thandizolo ndipo mabuleki ake achilengedwe amafooka. Mapiritsi akachotsedwa mwadzidzidzi, palibe chogwira mitsemphayo. Munthu amasowa tulo kuposa kale, amanjenjemera, amatuluka thukuta, mtima umathamanga, phokoso laling'ono limamudzidzimutsa. Ena amasokonezeka maganizo, ndipo ena amagwa ndi kuphupha ngati wakhunyu ngakhale sanadwalepo khunyu. Kwa womwa lorazepam kapena alprazolam zizindikiro zimabwera pa tsiku limodzi kapena awiri. Diazepam amakhalitsa m'thupi, choncho zizindikiro zikhoza kuchedwa masiku angapo, achibale n'kumaganiza kuti ndi matenda ena kapena ufiti.

Njira yotetezeka ndi kuchepetsa pang'onopang'ono motsogozedwa ndi dotolo. Pulofesa Heather Ashton wa ku Newcastle, ku England, anathandiza anthu ambiri kusiya mankhwalawa, ndipo njira yake imatsatidwa m'maiko ambiri. Kawirikawiri amachotsa gawo limodzi mwa magawo 10 kapena 20 a mulingo wa tsiku pa sabata imodzi kapena awiri aliwonse. Mwachitsanzo, womwa mamiligalamu 20 pa tsiku angatsitsidwe kufika pa 18, n'kukhala pamenepo mpaka thupi litakhazikika. Mulingo ukamachepa, chochotsacho chimachepanso. Zizindikiro zikakula, dotolo amaimitsa kaye kutsitsako. Womwa mankhwala osakhalitsa m'thupi nthawi zina amamusinthira ku diazepam asanayambe kutsitsa. Ntchito yonse ingatenge miyezi ingapo, mwinanso kupitirira chaka, ndipo kuchedwa kumeneku sikutanthauza kuti munthuyo walephera.

Wodwala akapita kuchipatala cha Kawale, Bwaila kapena Area 25, atenge buku lake lachipatala ndi mapiritsi amene ali nawo, ndipo anene zoona zokhazokha: angati pa tsiku, kuyambira liti, ndiponso ngati amamwa mowa. Dotolo akanamizidwa mulingo, ndondomeko yonse imalakwika. Mowa ndi mapiritsiwa siziyendera limodzi, chifukwa zonse zimafooketsa kupuma ndipo munthu akhoza kugona osadzukanso. Mayi woyembekezera kapena woyamwitsa anene msanga. Amene amamwa mankhwala a khunyu asawakhudze popanda dotolo. Ku Area 43 kuli chipatala cha St John of God chimene chimathandiza pa matenda a maganizo ndi vuto la mowa ndi mankhwala. Munthu akakomoka, akasokonezeka mutu, kapena akayamba kulankhula zodzipha, athamangire naye ku Kamuzu Central Hospital nthawi yomweyo, usiku kapena usana.

Katekisimu wa Mpingo wa Katolika, pa nambala 2290, amatchula mankhwala pakati pa zinthu zofunika kudziletsa. Kwa amene thupi lake lazolowera kale, kudziletsa ndiko kutsata ndondomeko ya dotolo mokhulupirika mpaka kumapeto. Abale a m'Mphakati asamukakamize kutaya mapiritsi pofuna kuonetsa chikhulupiriro. Angamuperekeze kuchipatala, kumusungira mapiritsi ndi kumupatsa a tsikulo okha ngati iye wavomera, ndiponso kumumvera pa chisoni kapena ngongole zimene zinamulanda tulo poyamba. Tiyi wamphamvu ndi khofi zamadzulo zilekedwe, ndipo nthawi yogona ndi yodzuka ikhale imodzimodzi tsiku lililonse.

Mafunso okambirana ku Mphakati sabata ino:

1. Kodi n'chifukwa chiyani munthu amene wazolowera mapiritsiwa amabisa vuto lake ngakhale kwa abale ake?
2. Namfedwa akasowa tulo maliro atatha, ndani mu Mphakati amene amamuyendera?
3. Wina atakomoka usiku m'dera lino, galimoto yopita naye kuchipatala ingapezeke kwa ndani?