Amayi a ku Fitzroy Crossing ndi Nkhanza za M'banja

Phunziro la sabata ino litifikitse ku Fitzroy Crossing, katawuni ka kumpoto kwa Western Australia komwe anthu ambiri ndi Aaborijini, eni nthaka a dzikolo.

Pofika 2007 zinthu kumeneko zinali zitafika pa mwana wakana phala. Uchidakwa unakula, amayi ankamenyedwa m'nyumba, maliro a anthu odzipha ankangotsatizana. Komabe mayi womenyedwa sankathamangira kupolisi. Tisafulumire kumuweruza: mpaka cha m'ma 1970 boma linkalanda ana a Aaborijini kwa makolo awo, ndipo agogo ambiri ankazikumbukira bwino. Kuitana boma pakhomo kunali kuika ana ako pachiswe.

Choncho amayiwo anayamba okha. Chaka chomwecho anachita msonkhano kutchire motsogozedwa ndi bungwe lawo la Marninwarntikura. Mayi June Oscar ndi Mayi Emily Carter anatenga mfundo ya msonkhanowo n'kupita nayo kwa akuluakulu opereka ziphaso za mowa. Sanapemphe kuti mowa uthetsedwe. Anangoti mowa usamagulitsidwe wokamwera kunyumba, chifukwa kunyumbako n'kumene zibakera zinkagwera. Mu Okutobala 2007 lamulo linayamba kugwira ntchito: mowa wotuluka nawo usapitirire 2.7 peresenti.

Amayiwa ananyozedwa kwambiri, ndipo ena mwa onyozawo anali abale awo enieni.

Chimene chimandigwira mtima ndi zimene ofufuza a yunivesite ya Notre Dame anapeza pambuyo pake. Obwera kuchipatala atavulala chifukwa cha mowa anachepa, koma milandu ya nkhanza za m'banja yofika kupolisi inachuluka. Wongoona chiwerengero akanati ntchito yalephera. Apolisi anafotokoza kuti omenyedwa ndi mboni tsopano anali osaledzera, ndiye ankatha kukadandaula pa zinthu zimene kale ankangozimeza.

Nkhanza sizinathe, ndipo ena ankayenda ulendo wautali kukagula mowa ku Derby kapena ku Broome. Mowa unkangokolezera moto umene unalipo kale.

Chaka chomwecho cha 2007, boma la John Howard linalowa m'midzi ya Aaborijini ku Northern Territory ndi malamulo ake oletsa mowa, asilikali akuthandizira, popanda kufunsa mokwanira eni midzi. Ambiri kumeneko anaona kuti achititsidwa manyazi. Ku Fitzroy Crossing anthu ankakangana nalo lamulolo, koma ankadziwa kuti amene analipempha ndi amayi awo ndi azakhali awo.