Maluwa Pakhomo ku Mogoditshane: Mafunso ndi Mayankho

Kwathu ku Zomba timangozika nthambi n'kuphuka. Bwanji kuno zikukanika?

Kuno ku Mogoditshane, pafupi ndi Gaborone, mvula ndi yochepa, pafupifupi mamilimita 500 pa chaka, ndipo imagwa pakati pa Okutobala ndi Epulo. Dzuwa la Disembala limawamba, kenaka mu Juni ndi Julayi chisanu cha m'bandakucha chimapsereza masamba anthete. Mtengo wofuna chinyontho cha m'mapiri sungapirire zimenezi.

Nanga tibzale chiyani?

Ine ndimati yambani ndi mitengo ya konkuno. Mosetlha, monga amautchulira Atswana, umachita maluwa achikasu m'chilimwe, umapereka mthunzi, ndipo ukagwira nthaka safunanso kuthiriridwa. Mphepete mwa mpanda ikani bougainvillea: mukamaimana madzi m'pamene imafiira kwambiri, mukaithirira mowirikiza imangochita masamba. Plumbago wa maluwa obiriwira ngati thambo nayenso savuta. Jakaranda amakongola mu Okutobala, koma pa poloti yaing'ono mizu yake imasokoneza khoma ndi mapaipi. Musanagule, kayendeni ku National Botanical Garden ku Gaborone muone kukula kwa mitengo yachilengedwe.

Madzi tiwatenga kuti, poti ndi odula?

Amene adalipo mu 2015 akukumbuka momwe damu la Gaborone lidaphwera, a Water Utilities Corporation n'kumatsegula mipopi mosinthanasinthana. Musadalire mpopi. Tchezerani madzi a padenga mu thanki, ndipo sungani otsukuluzira zovala ndi osambira, bola asakhale ndi jiki. Bzalani mvula ikangoyamba. Kumbani dzenje lofika m'bondo, sakanizani dothi ndi manyowa a ng'ombe owola bwino, musiye kabeseni mozungulira, muphimbire ndi udzu wouma. Udzuwo usakhudze tsinde, chifukwa chiswe chimalowera pomwepo. Thirirani madzulo, kamodzi pa sabata koma mokhutitsa, kuti mizu itsikire pansi.

Ndimachita lendi. Ndingabzalebe?

Inde. Mogoditshane ndi kwawo kwa magalimoto a kaunjika, kotero matayala akutha oti mubzalemo sasowa. Zigubu zodula pakati n'kuboola kunsi ndi zabwino koposa, chifukwa posamuka mumanyamula.

Pali maluwa oyenera kuwapewa?

Oleander ndi wapoizoni kuyambira masamba mpaka nkhuni zake. Pakhomo pa ana musamuyandikize. Lantana amafalikira kuthengo kudzera mwa mbalame ndipo amadwalitsa ziweto zikamudya.

Chisanu chikafika titani?

Timitengo ta chaka choyamba tifunditseni masaka usiku, m'mawa n'kuvundukula. Nthambi zopserera musazidule mpaka kumapeto kwa Ogasiti, popeza zimatchinjiriza zam'kati.