Nyamakazi ndi Mankhwala a Ayurveda: Zotenga ndi Zosiya

Mabotolo olembedwa kuti Ayurvedic akutsatsidwa pa WhatsApp ndi pa Facebook, ogulitsa n'kumati amathetsa nyamakazi. Musanagulire agogo botolo lotere, dziwani kumene mankhwalawa achokera.

Ayurveda ndi njira yochiritsira ya makolo a ku India, yolembedwa m'mabuku akale monga Charaka Samhita zaka pafupifupi 2,000 zapitazo. Mpaka lero imaphunzitsidwa m'makoleji, ndipo mu 2014 boma la India lidakhazikitsa unduna wa AYUSH woyang'anira njira zotere. Asing'anga ake amati thupi limayendetsedwa ndi mphamvu zitatu, vata, pitta ndi kapha, ndipo kuphwanya kwa mfundo za mafupa amakuika kwambiri pa vata. Kafotokozedweka n'kosiyana ndi ka kuchipatala, koma pa chinthu chimodzi amagwirizana: nyamakazi si imodzi. Ilipo yobwera ndi ukalamba ndi ntchito zolemetsa, pamene mafupa a m'bondo kapena m'chiuno aperepeseka. Asing'anga a Ayurveda amaitcha sandhivata. Ina, yomwe amati amavata, imatupitsa mfundo, makamaka za zala za manja onse awiri, ndipo munthu amadzuka atauma kwa ola lathunthu kapena kuposa.

Yambani mwapita kuchipatala

Nyamakazi yotupitsayi ikalekereredwa imapinda zala mpaka munthu kulephera kugwira chipande. Kuchipatala kuli mankhwala oichedwetsa, ndipo palibe chitsamba chimene chasonyeza kuti chingalowe m'malo mwake. Pitani tsiku lomwelo ngati mfundo imodzi yatupa mwadzidzidzi, ikutentha, ndipo thupi lonse latentha, chifukwa mwina muli mafinya omwe amawononga mfundo m'masiku ochepa. Mwana amene mfundo zikumupweteka mosinthanasinthana patangopita milungu ingapo atadwala zilonda zapakhosi, musamuthowe kunyumba: matendawa amagwira mtima. Chifuwa chachikulu nachonso chimalowa m'msana ndi m'chiuno.

Zimene mungachite pakhomo

Ngati adokotala anena kuti ndi nyamakazi yaukalamba, zabwino zambiri za Ayurveda muli nazo kale. Ku India amatikita mfundo ndi mafuta a chitowe ofunditsa. Ikani kabotolo ka mafuta m'madzi otentha, muyese kaye pa dzanja lanu, kenaka tikitani mozungulira bondo pang'onopang'ono kwa mphindi 10. Pa mfundo zouma amathowa ndi mchenga wotenthetsa womanga m'nsalu. Kazingani mchenga woyera mu chiwaya, mangani pa nsalu yokhuthala, muyesenso pa mkono wanu. Wodwala shuga mapazi amachita dzanzi, angapse osamva, ndiye wina aziyesa. Mfundo yofiira ndi yotentha musaithowe.

Chikasu ndi jinja ikani mu ndiwo kapena mu tiyi monga zokometsera. Pa kafukufuku wina, mapiritsi a chikasu ndi a utomoni wa mtengo wa Boswellia, umene Amwenye amautcha shallaki, adachepetsako ululu wa mawondo. Kuchepetsako basi, fupa loperepeseka silibwerera.

Chothandiza kwambiri n'chimene ambiri amachikana: kuyenda. Agogo tikamawagoneka pamphasa tsiku lonse pofuna kuwalemekeza, minofu ya ntchafu imafooka ndipo bondo limasenza lokha thupi lonse. Aziyenda pang'ono tsiku lililonse. Atakhala pampando aziwongola mwendo, n'kuwerenga mpaka 5, n'kutsitsa, kakhumi mwendo uliwonse. Ndodo azigwira ndi dzanja la mbali imene sikupweteka. Chigubu cha malita 20 ndi mtolo wa nkhuni zikhale za adzukulu. Wonenepa akatsikako thupi, mawondo amapepukidwa.

Za m'mabotolo

Apa ndi pamene pali ngozi. Nthambi ina ya Ayurveda, yotchedwa rasa shastra, imasakaniza dala zitsamba ndi zitsulo zowotcha. Mu 2004 ofufuza a ku Boston ku America adayeza mankhwala 70 a Ayurveda ogulidwa m'masitolo, ndipo 14 adapezeka ndi mtovu, mekyule kapena aseniki. Mtovu umawononga impso ndi magazi, komanso ubongo wa mwana, ngakhale ali m'mimba. Amayi oyembekezera, oyamwitsa ndi ana asamwe mankhwala oterewa.

Mabotolo ena azitsamba adapezekapo atathiridwa mobisa mankhwala amphamvu achizungu a gulu la ma steroid. Ululu ukatha ngati wazimitsidwa, kenaka patapita milungu nkhope n'kufufuma kapena shuga n'kukwera, musasiye kumwa mwadzidzidzi, pitani kuchipatala. Ashwagandha, yomwe imatchuka kwambiri pa zitsamba za Ayurveda, idavulazapo chiwindi cha anthu ena, ndipo dziko la Denmark lidailetsa mu 2023. Ngati mukumwa ma ARV, mankhwala a TB, a shuga, a kuthamanga kwa magazi kapena warfarin, musaonjezere botolo lililonse musanafunse, ngakhale mapiritsi a chikasu. Bufeni ndi diclofenac nawonso si akumwa miyezi yathunthu osaonana ndi dokotala, amayambitsa zilonda zam'mimba ndi kuwononga impso.

Bungwe loyang'anira mankhwala m'Malawi ndi PMRA. Funsani wogulitsa ngati mankhwalawo adalembetsedwa kumeneko. Botolo losalemba zimene zili m'kati, dzina la kampani ndi tsiku lothera mphamvu, lisiyeni. Ngati mudagula kale, litengeni popita kuchipatala kuti adokotala alione, ndipo muwauze tsiku limene mudayamba kumwa.