Phunziro: Kunjenjemera kwa Makina Kumaulula Pamene Pakhwefuka

M'mafakitale a ku Makata, Ginnery Corner, Chirimba ndi ku Limbe muli makina osema ndi kuboola zitsulo. Mota ikamazungulira, mphamvu yake imadutsa m'malamba, m'magiya ndi m'mabeyaring'i mpaka kukafika pa mpeni wodulira. Mota zambiri zoyendera magetsi a ESCOM zimazungulira pafupifupi ka 1,450 pa mphindi imodzi. Pa liwiro lotere, kampata kochepa pakati pa mano a magiya ndi kokwanira kuti chitsulo chisemedwe mokhota, mwini wake n'kuluza ndalama.

Kodi kampata kosaoneka ndi maso tingakadziwe bwanji? Chitsulo chilichonse chikagogodedwa chimanjenjemera pa liwiro lake, ndipo liwirolo limadalira kulimba kwake, monga momwe ng'oma yokungika imalirira mosiyana ndi yokhwefuka. Tsono amisiri amamata pa makina kachipangizo koyeza kunjenjemera, kenaka amawagwedeza pang'ono, ndiye mwapakatikati, pomaliza mwamphamvu. Makina omangika bwino amanjenjemera pa liwiro pafupifupi limodzimodzi maulendo onsewo. Koma pamene pali mpata, zinthu zimasintha. Akagwedeza pang'ono, mano amangosewera mumpatamo, choncho liwiro limakhala lotsika. Akagwedeza mwamphamvu, mpata umatsekeka, chitsulo chimagunda chinzake, liwiro n'kukwera. Apa tikuona kuti kulimba kwa makina kumasintha malinga ndi mphamvu imene yawakankha, ndipo kuyeza kamodzi kokha kungathe kutinamiza.

Ena anganene kuti makaniko wodziwa ntchito amamva vuto ndi khutu. N'zoona, ndipo luso limeneli ndi lofunika. Komabe khutu limamva phokoso litakula kale, pamene beyaring'i yatha. Kachipangizo kaja kamaonetsa manambala amene munthu angalembe m'buku mwezi uno n'kudzawayerekeza ndi a mwezi wamawa. Enanso angati zipangizozi n'zodula. Koma makina akaima sabata zingapo podikira giya yochokera ku South Africa, antchito amangokhala ndipo makasitomala amapita kwina. Ndiponso sikuti aliyense agule chipangizo chake, popeza mmisiri mmodzi angathe kuyeza makina a anthu ambiri. Amisiri otere angathe kupezeka, pakuti ku MUBAS, sukulu ya ku Chichiri imene kale inkatchedwa Polytechnic, achinyamata amaphunzira za kayendedwe ka makina.

Inu amene muli ndi chigayo kapena malo osemera zitsulo, makina akayamba kunjenjemera mwachilendo, azimitseni, muone malamba ndi mabawuti, ndipo muitane mmisiri adzawayeze asanawonongeke.