Moto Ukazima, Musafulumire Kuvula Masiki

Inu amene mumagwira ntchito yozimitsa moto, tamvani zimene zinachitikira Ray Pfeifer, wozimitsa moto wa ku New York. Pa 11 Sepitembala 2001, zigawenga zitagwetsa nyumba ziwiri zosanja za World Trade Center, iye sanali pa ntchito, koma anathamangira komweko. Ozimitsa moto 343 anafa tsiku limenelo, ena a pa siteshoni yake. Pfeifer anatha miyezi pafupifupi 8 akufukula mulu wa zitsulo ndi phulusa, kufunafuna matupi a anzake. Mu 2009 mwendo unayamba kumupweteka cha m'chiuno, ndipo madokotala anapeza khansa ya impso itafalikira kale m'mafupa. Mu 2015 ankazungulira pa njinga ya olumala ku nyumba ya malamulo ku Washington, kuchonderera aphungu kuti boma lisaleke kulipirira chithandizo cha odwala anzake. Anamwalira mu Meyi 2017 ali ndi zaka 59. Pofika Sepitembala 2023, antchito a dipatimenti yake amene anafa ndi matenda otengera pamalo aja anakwananso 343.

Zinalakwika pati? Mulu uja unafuka utsi mpaka mu Disembala, ndipo m'fumbi lake munali simenti yoperedwa, tizidutswa ta magalasi, mtovu ndi asibesitosi. Masiku oyamba mamasiki oyenera anali ochepa. Atabwera, anthu ambiri ankangowalendeweretsa m'khosi, chifukwa ankatentha komanso kumvana ndi mnzako kunkavuta. Sindikuwaweruza, munthu wofukula m'bale wake saganizira mapapo ake. Koma akuluakulu ndiwo ali ndi mlandu. Pa 18 Sepitembala, Christine Todd Whitman, mkulu wa bungwe la boma loona zachilengedwe, anauza anthu a mumzindawo kuti mpweya unali wabwinobwino. Anadzapepesa mu 2016, ambiri atagona kale kumanda.

Musati izi n'za tsoka lalikulu la ku America lokha. Bungwe la NIOSH, loona za umoyo ndi chitetezo cha anthu pa ntchito ku America, linafufuza ozimitsa moto pafupifupi 30,000 a ku San Francisco, Chicago ndi Philadelphia, anthu ozimitsa moto wa tsiku ndi tsiku, n'kupeza kuti imfa za khansa pakati pawo zinaposa za anthu wamba ndi 14 pa 100 alionse. Mu 2022, bungwe la IARC, nthambi ya WHO yofufuza za khansa, linaika ntchitoyi m'gulu loyamba la zinthu zoyambitsa khansa, makamaka ya chikhodzodzo ndi ya kachikopa kokuta mapapo. Kodi utsi wa msika ukapsa, wodzaza mapulasitiki, matiresi, penti ndi matayala, mukuganiza kuti ndi wosiyana?

Taganizirani zimene mumachita malawi akangotha. Thukuta lili kamukamu, silinda ya mpweya ikulemera kumsana, ndiye mumavula masiki n'kuyamba kutembenuza zinthu zonyeka poona ngati pansi patsala makala. Nthawi imeneyo ndiyo yoipitsitsa. Zinthu zonyeka pang'onopang'ono zimapitiriza kutulutsa benzene ndi formaldehyde, ndipo denga lakale la asibesitosi likasweka, tiulusi take timauluka osaoneka ndi maso. Tikalowa m'mapapo timakhala chete ngati chiswe mumtanda wa nyumba, zaka 20 kapena 40, matenda asanaonekere.

Mwaye nawonso umalowerera pakhungu, makamaka m'khosi, m'chibwano ndi m'mphechepeche, khungu likatentha n'kunyowa. Zimenezi si zachilendo. Mu 1775 dokotala Percivall Pott wa ku London anaona kuti oyeretsa machumuni ankadwala khansa ya kumaliseche chifukwa cha mwaye. Nanga bwanji chisoti chakuda bii chimaonedwabe ngati chizindikiro cha ukatswiri? Mukamina n'kutuluka mamina akuda, kapena tsitsi likamanunkhabe utsi pakutha masiku awiri, ndiye kuti thupi lalandira zambiri. Pukutani khosi, nkhope ndi manja musanachoke pamalo a moto, musanagwire chakudya kapena ndudu, ndipo sambani ndi sopo mukangofika ku siteshoni. Zovala za ntchito zisafike kunyumba. Kodi mukufuna akazi anu azizichapa m'beseni limodzi ndi malaya a ana? Ngati pa siteshoni panu masilinda sakwanira kapena palibe pochapira, lemberani akuluakulu pamodzi ndi anzanu, ndipo musatope kuwakumbutsa.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi chizolowezi chathu chodzipezera tokha dzina la matenda. Magazi akaoneka m'mkodzo, kwathu kuno timangoti ndi likodzo, timwa mapiritsi basi. Koma khansa ya chikhodzodzo ndi ya impso imayambanso choncho, nthawi zambiri popanda ululu, magaziwo n'kusowa milungu ingapo kenako n'kubweranso. Likodzo lokhalitsa nalonso limayambitsa khansa ya chikhodzodzo, choncho amene anakulira m'mbali mwa nyanja asamale kawiri. Chifuwa chosatha milungu itatu, akakuyezani TB osaipeza, musabwerere kunyumba n'kungokhala. Chotupa cholimba chosapweteka m'machende, mwanabele wosaphwa m'khosi kapena m'khwapa, kadontho kakuda ka pakhungu kamene kayamba kukula kapena kutuluka magazi, magazi m'chimbudzi, kuonda popanda chifukwa: chimodzi chokha mwa izi n'chokwanira kupitira kuchipatala sabata yomweyo.

Mukafika kumeneko musadikire kufunsidwa. Auzeni adokotala kuti ndinu wozimitsa moto, zaka zimene mwagwira ntchitoyi, ndi mtundu wa zinthu zimene mwazimitsa. Ngakhale munapuma kale, kapena munasiya zaka 15 zapitazo, nenanibe, ndipo pemphani kuti azilembe m'buku lanu la kuchipatala.