Trigger ya pistol: mafunso ndi mayankho

Msilikali, wapolisi, mlonda ndi aliyense amene ali ndi chiphaso chosungira mfuti ayenera kuidziwa bwino trigger ya pistol yake. Kachitsuloka kamafuna zinthu zitatu basi: ukhondo, kukayesa mfuti ilibe chipolopolo, ndi kusakasema. Nawa mafunso amene eni mfuti amafunsa kawirikawiri.

Kodi chimachitika n'chiyani m'kati mwa mfuti ndikakoka trigger?

Trigger siigunda chipolopolo, imangomasula. M'kati muli sipuling'i yopanikizika yomwe ikufuna kukankha hamala kapena chitsulo chosongoka chotchedwa striker, koma kachitsulo kena, sear, kamazigwira kuti zisapite. Zili ngati diwa: mwala ndi wolemera, koma chougwira ndi kamtengo kakang'ono. Mukakoka trigger, sear imachoka, chosongoka chija chimagunda kumbuyo kwa chipolopolo ndipo wonga umayaka. Mphamvu yake imabweza slide (chitsulo chapamwamba cha mfuti), chigoba chimatayidwa, ndipo slide pobwerera imakweza chipolopolo china kuchokera m'magazini. Kachitsulo kena, disconnector, kamalekanitsa trigger ndi sear mpaka mutabweza chala. N'chifukwa chake kukoka kamodzi kumatulutsa chipolopolo chimodzi.

Kodi trigger zonse zimagwira ntchito mofanana?

Ayi, pali mitundu itatu yodziwika. Pa Colt M1911 ya John Browning, yomwe asilikali a ku America anayamba kugwiritsa ntchito mu 1911, trigger ili ndi ntchito imodzi: kumasula hamala yomwe yatcheredwa kale. Imeneyi amati single action. Pa Walther PP ya mu 1929 ndi Beretta 92, kukoka koyamba kumatchera hamala n'kuimasulanso, motero n'kotalika ndiponso kolimba, pamene kotsatira n'kwakufupi ndi kofewa. Glock 17, yomwe Gaston Glock anapangira asilikali a ku Austria kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, ilibe hamala. Ili ndi striker yomwe slide imaitchera pang'ono, trigger n'kumalizitsa. Apa kukoka kulikonse kumafanana.

Nanga akamati trigger ndi ya makilogalamu akutiakuti amatanthauza chiyani?

Amanena mphamvu yomwe chala chimafunika kuti mfuti ilire. Glock yochokera kufakitale imafuna makilogalamu pafupifupi 2.5. Beretta 92 imafuna pafupifupi 5 pokoka koyamba, ndipo pafupifupi theka lake pokoka kotsatira. Apolisi a mumzinda wa New York kwa zaka zambiri ankanyamula mfuti zomwe anazilimbitsa dala kufika makilogalamu pafupifupi 5.5, pofuna kuchepetsa kuwombera mosafuna. Choncho trigger yolimba si yowonongeka ayi. Munthu akachita mantha chala chimafinya chokha, ndipo kulimbako kumam'patsa mpata.

Kodi chala changa chiyenera kumva chiyani pa trigger yabwino?

Yesani pang'onopang'ono mfuti ilibe chipolopolo. Poyamba trigger imayenda mopepuka, kenaka imafika pamalo pomwe imalimba. Mukawonjezera mphamvu imaduka mwadzidzidzi, ndipo apo ndi pomwe mfuti ikanalira. Slide ikayenda, inu n'kumabweza chala pang'onopang'ono, mumamva kakuti "ke" m'khutu ndi pachala pomwe. Pamenepo trigger yagwirananso ndi sear, ndipo izi amati reset. Zolowerani mmene mfuti yanu imamvekera ili bwino, kuti tsiku lomwe yasintha mudziwe msanga.

Ndiyambire pati pofuna kuitsuka?

Yambirani potsimikiza kuti ilibe chipolopolo. Lozani mfuti kumene kulibe munthu, chotsani magazini, kokani slide n'kuikola kumbuyo, kenaka yang'anani m'chamber (molowa chipolopolo kumbuyo kwa mpope) ndi maso n'kupisamonso chala. Magazini ndiyo iyambe kuchoka. Mukayamba ndi slide, mumataya chipolopolo chimodzi n'kukweza china. Zimenezi n'zofunika kwambiri pa Glock, chifukwa kuti slide yake ichoke mumayenera kukoka trigger. Zipolopolo zonse zikhale m'chipinda china. Mukachotsa slide, mpope ndi sipuling'i yaikulu, lekerani pomwepo. Tengani kaburashi kouma, sesani mwaye ndi fumbi kuzungulira zitsulo za trigger, n'kupukuta ndi kansalu kosathothoka ulusi. Kumasula zitsulo zam'katizo n'kwa mmisiri.

Mafuta ndithire ochuluka bwanji?

Ochepa kwambiri, ndipo pokhapo pomwe buku la mfutiyo lanena. Pa Glock ndi kadontho kamodzi pomwe chitsulo chochokera ku trigger chimakhudzana ndi kachitsulo kotchedwa connector, kumbuyo kwenikweni. M'kanjira koyendamo striker musathiremo, mukhale mouma. Mafuta akasakanikirana ndi fumbi la m'chilimwe ndi mwaye wa wonga amasanduka phala lomwe limachedwetsa striker, ndiye imagunda chipolopolo mofooka. Mafuta ophikira musayese n'komwe, chifukwa akakhalitsa amamata. M'nyengo ya dzinja komanso ngati mumanyamula mfuti pathupi, pukutani kawirikawiri, poti chinyezi ndi thukuta zimabweretsa dzimbiri.

Ndikaibwezeretsa, ndidziwa bwanji kuti zonse zili m'malo?

Tsimikizaninso kuti ilibe chipolopolo, lozani kotetezeka, ndipo chitani izi. Ngati ili ndi safety, itsekeni n'kukoka trigger: pasachitike kanthu. Itseguleni n'kukoka: hamala kapena striker igwe. Musabweze chala. Chili chikokere, kokani slide n'kuisiya: hamala ikhale yotcheredwa, isatsatire slide. Tsopano bwezani chala pang'onopang'ono mpaka mumve "ke" uja, n'kukokanso: igwenso. Pa Glock, kankhaninso trigger cham'mbali osakhudza kalilime ka pakati pake: isayende. Chimodzi mwa izi chikalephereka, mfutiyo musaikemo chipolopolo.

Kodi kuikoka ilibe chipolopolo sikuiwononga?

Pistol zambiri zamakono za 9mm zimapirira. Zambiri za .22 ndiye zimawonongeka, chifukwa chosongoka chija chimatha kumenya m'mphepete mwa chamber. Pali zipolopolo zabodza zopanda wonga, zotchedwa snap cap, zomwe zimalandira kugundako. Buku la mfuti yanu ndilo linene.

Ndakoka koma trigger ikungoyenda yopanda mphamvu. Vuto n'chiyani?

Yang'anani zinthu zapafupi kaye. Mwina slide sinatsekeke mpaka kumapeto, ndipo mfuti inapangidwa dala kuti isalire ikakhala choncho. Mwina simunabweze chala mokwanira kuti ifike pa reset. Mwina safety ndi yotseka. Mfuti zina, monga Browning Hi-Power ya mu 1935, sizilira magazini ikachotsedwa. Zonsezi zikakhala bwino koma trigger siikubwerera yokha kutsogolo, kawirikawiri ndi litsiro kapena sipuling'i yake yatha kapena yaduka. Litsiro mungachotse nokha. Sipuling'i akaike ndi mmisiri, ndipo ikhale ya kampani yomwe inapanga mfutiyo.

Nanga ikangoti "ke" osalira?

Musaitembenuze kuti muisuzumire. Pamalo ophunzirira kuwombera, pitirizani kuloza komwe mumawombera kwa masekondi 30, chifukwa chipolopolo china chimachedwa kuyaka. Kenaka chitulutseni muone kumbuyo kwake. Ngati pali dzenje lakuya bwino, vuto ndi chipolopolo. Ngati pali kachipsera kosazama, striker ikugunda mofooka, mwina chifukwa cha phala la mafuta lija kapena sipuling'i yotopa. Pali vuto linanso loopsa: mfuti ikalira mofooka, osakankha dzanja monga mwa masiku onse, lekani pomwepo. Chipolopolo chikhoza kukhala chakakamira mumpope, ndipo chachiwiri chingauphulitse m'manja mwanu.

Ndakoka kamodzi koma yalira kawiri. Ndichite chiyani?

Siyani kuwombera nthawi yomweyo, chotsani zipolopolo zonse, ndipo mfutiyo ipite kwa mmisiri kapena kwa woyang'anira zida kuntchito kwanu. Zikatero ndiye kuti sear siikugwira bwino, mwina yaperepeseka kapena wina anaisema. Mfuti yotere ingalire ngakhale pongokweza chipolopolo. N'chimodzimodzi ngati hamala ikutsatira slide, kapena trigger yafewa mwadzidzidzi popanda chifukwa.

Kodi pistol ingalire yokha itagwa pansi?

Zambiri zamakono zili ndi kachitsulo kotchinga striker mpaka trigger itakokedwa. Glock ili ndi zotetezera zitatu zomwe zimamasuka pokhapokha chala chikakoka. Komabe zopangapanga zimalakwika. Mu 2017 zinadziwika kuti SIG Sauer P320 inkatha kulira ikagwa mopendekeka mwanjira ina, ndipo kampaniyo inayamba kusinthira eni ake zitsulo zina, kuphatikizapo kuika trigger yopepuka thupi kuti isadzikoke yokha pogunda pansi. Mfuti ikakupulumukani m'manja, ilekeni igwe. Kuiwakha ndiko kumalowetsa chala pa trigger. Chikwama chake cha m'chiuno chikhale cholimba, chophimba trigger yonse, ndipo poibwezeramo onetsetsani kuti malaya kapena chingwe cha jekete sichinalowemo.

Zipolopolo zanga zikupita pansi cha kumanzere. Kodi trigger ndi yopindika?

Ngati mumagwira ndi dzanja lamanja, vuto nthawi zambiri ndi chala. Mukutsomphola trigger, kapena mukukankhira mfuti pansi poyembekezera kulira kwake. Ikani nsonga ya chala pakati pa trigger, kokerani molunjika kumbuyo ndi mphamvu yowonjezeka pang'onopang'ono, zala zinazo zisafinye nawo. Pemphani mlangizi awombere ndi mfuti yomweyo. Iye akalasa pakati, mwadziwa pomwe pali ntchito.

Kodi sindingaifewetse ndekha ndi tupa kapena sandipepa?

Ayi. Pomwe sear imagwirira ndi pang'ono kwambiri, ndipo zitsulo zambiri zotere n'zolimba pamwamba pokha. Mukapala, mumafika pofewa, ndipo pamaperepeseka msanga mpaka tsiku lomwe padzalephere kugwira mfuti ili m'chiuno mwanu kapena pafupi ndi mwana. Palinso lamulo. Ku Malawi kusunga mfuti kumafuna chiphaso chochokera kupolisi. Ku South Africa, komwe abale athu ena amagwira ntchito yaulonda, lamulo la mfuti la mu 2000 limalola mmisiri wachiphaso yekha kusintha zinthu zina pa mfuti. Ngati mfutiyo ndi ya kuntchito, lembetsani vutolo kwa woyang'anira zida tsiku lomwelo, kuti mnzanu wolandira ntchito pambuyo panu asainyamule asakudziwa.